Pakamwa pa Wogulitsa Kun

Tsiku limene a kwa Zaw Latt anabwera kudzafunsira mbeta, U Po Thaung sanadye lahpet.

Alendo anali atatu: mnyamatayo, mayi ake Daw Ohn Kyi, ndi malume ake U Ba Sein, mkulu wa chimimba amene ankagulitsa anyezi pamsika wa ku Pakokku. Anabwera ndi lahpet yemweyo, chakudya cha pamwambo, m'mbale yamagawo, pakati pali masamba a tiyi ovundika onyezimira mafuta, m'mbali muli nandolo wokazinga, adyo, chitowe ndi tsabola. Analankhula zonse zoyenera. Anamuyamikira Nwe Yi, mwana wamkazi wa Po Thaung, kuti ndi mwana waulemu, wa manja abwino pa makina osokera. Atatha anakankhira mbale ija kwa mwini nyumba. Chinatsala ndi chimodzi chokha: bambo wa mtsikana atape sipuni imodzi, atafune, ameze, anthu adziwe kuti walola.

Po Thaung anaiyang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana kudenga.

"Ndakhuta," anatero, mawu akutulukira m'mano.

"Akhuta ati!" U Ba Sein anaseka poyesa nthabwala. "Achimwene, lahpet sadyera njala. Tapani kangachepe, ana awa mitima ikhale pansi."

"Ndati ndakhuta."

Daw Ohn Kyi anavundikira mbale yake, n'kuimanga m'nsalu. Potuluka sanatsanzike. Zaw Latt, mutu utasokonezeka, anavala patapata wa mwini nyumba, n'kubwerera ali kumpanda kudzasintha. Nwe Yi analowa kuchipinda, ndipo posachedwa makina anayamba kulira ngati akusoka chitsulo.

Ukulu wake wonse Po Thaung anauthera pa kagome kogulitsira kun, tsamba lokulunga limene anthu amatafuna, pamphambano ya msewu wopita kudoko. Kupaka laimu patsamba, kuwaza mtedza woduladula wa mtengo wonga kanjedza, fodya pang'ono, kupinda. Zala zinkachita zokha iye akuyang'ana kwina. Ndipo monga wogulitsa aliyense, ankatafuna nayenso kuyambira podzuka mpaka pogona, nthawi zina n'kugona naye m'tsaya.

Vuto linayamba ndi tsabola. Ndiwo zimene anakula nazo zinayamba kumuwotcha ngati wameza khala. Kenako m'kati mwa masaya munayera n'kuuma, akapisa chala ankamva timizere tolimba ngati zingwe zokungika. Mluzu unatha. Nthochi anayamba kuidya moiphwanya kaye ndi chala. Pofika chaka chimenecho, pakati pa mano ake pankalowa chala chimodzi, chachiwiri n'kumakanika. Nanga sipuni yodzaza ikanalowera pati?

Ankadyera kuseri kwa nyumba, atafulatira, phala la mpunga lamadzimadzi. Kwa Nwe Yi ankati phokoso la makina limamuthera njala. Mwanayo anakhulupirira, pakuti bambo ake anali okwiyakwiya chibadwire chake, ndipo kulankhulira m'mano kunkawayenera. Amene ankadziwa zoona anali mkazi wake yekha, Daw Tin Mya.

Madzulo a tsiku la alendo lija mayiyo anamupeza kuseri komweko, n'kumuikira mbale ya phala mwamphamvu mpaka lina linatayikira pansi.

"Mwachita bwino, bambo a Nwe. Mwana wanu akalambire pa makina, imvi zimere, inu muzidzanyadira kuti munakhuta."

"Anthu aja sindikuwakhulupirira. Unawaona maso a Ba Sein? Amawerenga matabwa a nyumba yanga."

"Matabwa ati, odyedwa ndi chiswewa? Musandinamize ine. Phala ili ndimaphika ndine. Bwanji osangowauza kuti pakamwa pakuvuta?"

"Ndiuze Ba Sein? Kuuza Ba Sein ndi kuuza msika wonse, ndi agalu omwe. Mawa lake ndani adzagula kun kwa munthu amene kun wamutseka pakamwa? Udzadya chiyani iweyo?"

"Ndiye bola azinena kuti Nwe Yi ali ndi bambo onyada?"

"Bola kunyada. Wonyada amamuopa. Wodwala amamuloza chala."

"Ha! Akuopeni inu, munthu wogonja kwa nthochi?"

Po Thaung anadikira kuti mkaziyo achoke, ndipo pamenepo ndi pamene anayamba kumwa phala lake, pang'onopang'ono, m'mphepete mwa mbale.

Nwe Yi anasiya kumubweretsera tiyi kumphambano. Akakumana pakhomo ankawerama monga mwa ulemu, koma maso ali kumbali. Kamodzi kokha anaima n'kufunsa, "Bambo, anakulakwirani chiyani Zaw Latt?" Po Thaung anati, "Amayenda ngati bakha," n'kudutsa. Bodza lakelo linamununkha yekha tsiku lonse, chifukwa mnyamatayo anali wabwino, wokonza mapampu a madzi, wosamwa, ndipo ankayenda ngati munthu aliyense.

Mvula inayamba, nyengo imene anthu sakwatira. Daw Tin Mya ananyamula dengu la mango n'kupita kwa Daw Ohn Kyi. Zimene ananena kumeneko ndi zawo akazi, koma anabwerako ndi mawu awa: alendo adzabweranso mvula ikatha, chikondwerero cha nyali chikapita. Akadzabwezedwanso, ulendo wachitatu kulibe, pakuti ku Myaing kuli mtsikana wina amene makolo ake sakhuta.

"Ndiye mawa mukupita kuchipatala," anatero Daw Tin Mya.

"Kuti akandidye ndalama?"

"Mukapanda kupita, ndikaima pamphambano panu ndi kuuza aliyense wodutsa. Mundiyese."

Anapita, koma osati cha pafupi. Anakwera basi kuwoloka mtsinje, kumene kunalibe womudziwa, atakulunga mpango kukamwa ngati wa chimfine. Dokotala wa mano anali mtsikana wa msinkhu wa Nwe Yi, wa magalasi aakulu.

"Yasamulani, agogo."

Po Thaung anayasamula.

"Ayi, kwambiri. Musaope, sindikukuzulani dzino."

"Mwana iwe, ndayasamula."

Mtsikanayo anapepesa. Anaunika ndi katochi, anagwiragwira m'masaya ndi chala chovala mpira, anayeza mpata wa mano. Po Thaung anatsinzina. Munthu wa imvi kugonekedwa chagada, kamwana n'kumakusuzumira m'kamwa ngati ng'ombe ya pamsika!

"Ndi mtedza wa mu kun," anatero dokotala. "Mnofu wa m'masaya wauma ngati chipsera. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine mlimi."

Dokotala anayang'ana zala zake zoyera ndi laimu m'zikhadabo, koma sanatsutse.

"Choyamba, kutafuna muleke lero lomwe. Popanda zimenezo, zina zonse ndi kuthira madzi m'dengu. Kunyumba kuli alovera?"

"Uja amapaka akazi m'tsitsi?"

"Yemweyo. Mudule tsamba, muliimike likhe madzi achikasu aja mpaka athe, amenewo musamwe. Musende, mutenge mnofu woyera wa m'kati, muzipaka m'masaya m'mawa, masana ndi madzulo. Ambiri amandiuza kuti kuwotcha kumachepa. Za kutseguka sindikulonjezani. Kumabwera pang'onopang'ono, kwa ena sikubwera n'komwe. Timatabwa iti muzitisanja pakati pa mano, muziwonjezera kamodzi mukaona kuti kalowa. Ndipo muzibweranso ndidzikuonani, chifukwa m'kamwa motere mumatha kubuka zilonda zoipa."

Ali m'basi pobwerera, Po Thaung ankalankhula yekha mumpango. Kuwoloka mtsinje wonsewo kuti akauzidwe za udzu wa kubafa! Jakisoni alipo, akusungira abale awo ndi anthu ovala nsapato. Akanapita ndi mphete yagolide pachala, akanamubaya pompo.

Alovera anali kuseri, m'tayala lakale pafupi ndi posambira. Anabzala ndi Nwe Yi, ndiye ankadula akafuna kutsuka tsitsi. Po Thaung ankadikira kuti makina ayambe kulira, n'kunyang'ama ndi kampeni kake kodulira mtedza, kudula tsamba la m'munsi, kulibisa m'chilundu ngati wakuba nkhuku pakhomo pake pomwe.

Tsiku loyamba anayang'ana madzi achikasu akudontha m'kambale, n'kununkhiza. Anali owawa, a fungo lamphamvu. Pamenepo anaona chinyengo cha kamtsikana kaja. Mankhwala osawawa ndi mankhwala? Akuti ataye mphamvu yeniyeni, atsale ndi mamina, kuti asachire msanga azingobwerera kuchipatala. Anamwa onse.

M'mawa mwake kagome ka kun sikanatsegulidwe. Po Thaung anali kuthamanga pakati pa mphasa ndi chimbudzi, chilundu chili m'manja. Daw Tin Mya anaseka mpaka anakhala pansi.

"Kwatseguka, bambo a Nwe! Kungoti kwatseguka kolakwika."

"Tseka pakamwa pako."

"Panga pamatsekeka ndikafuna, n'kutsegukanso."

Kuyambira pamenepo madzi achikasu ankawataya.

Masamba m'tayala anayamba kuchepa. Tsiku lina anamva Nwe Yi akufunsa kukhitchini, "Mayi, alovera wanga akutha bwanji? Kodi ndi mbuzi za kwa aneba?"

"Eya, mbuzi. Ina yake yokalamba, yamakani."

"Ndiitchere minga?"

"Isiye, mwana wanga. Ikudwala."

Po Thaung, ali kuseri kwa khoma ndi zala zoterera m'kamwa, anamva nkhope ikutentha.

Vuto lalikulu linali kumphambano. Wogulitsa kun wosatafuna ali ngati wophika wosalawa. Anthu amayamba kufunsa chimene akudziwa. Po Thaung anapeza nzeru. M'mawa uliwonse ankadula mnofu wa alovera m'timapisi, kukulunga kalikonse m'tsamba la kun lopanda laimu, lopanda mtedza, n'kupinda bwinobwino monga mwa nthawi zonse. Ankatiika m'kachitini ka m'thumba la malaya. Makasitomala akachuluka ankatulutsa kamodzi, kufulatira ngati akufuna chenje, n'kukakankhira m'tsaya kudzera pampata wa dzino limene linachoka kale. Tsaya linkatupa ngati la munthu aliyense. Milomo ndi mano zinali zofiira kale ndi zaka, sizikanayera lero.

Malovu okha ndiwo akanamuulula, pakuti anali oyera. Ndiye ankameza.

"Agogo," anatero tsiku lina Htun Wai, wa njinga ya kabaza, amene ankaimika pamthunzi wa bwemba pafupi ndi kagomeko, "masiku ano simukulavula bwanji? Mwayamba kuumira ndi malovu omwe?"

"Ukuwafuna upentere njinga yako yadzimbiriyo?"

Anzake anaseka, wina n'kuliza belu.

"Ayi, koma tigawireniko wa m'kachitiniyo. Tikudziwa, wabwino mumasunga nokha, ife n'kumatipatsa zinyenyeswa."

"Wa m'kachitini angakugwetse iwe, mwana wa dzulo. Ungakathere m'ngalande ndi kasitomala wako yemwe."

Mbiri inafala pamsika kuti U Po Thaung ali ndi kun wake wapadera, wa fodya wochokera kumapiri, amene sagulitsa pamtengo uliwonse. Iye sanaitsutse. Ankangopinda, kupereka, kulandira. Fungo la mtedza linkamukwera m'mphuno tsiku lonse, mutu n'kumalemera. Masana ena anagonja, anapinda weniweni n'kuuponya m'tsaya. Laimu anamuluma ngati mavu, misozi inalengeza, ndipo anakalavulira kuseri kwa bwemba akutukwana tsamba, mtedza, dokotala ndi malemu bambo ake amene anamuphunzitsa kupinda. Ndipo tsiku lomwelo anagulitsa ngati kale. Akamapereka kun kwa achinyamata ngati Htun Wai, a masaya ofewa, ankayang'ana pa ndalama, osati pankhope.

Zoona zake, ngakhale sakanavomera kwa munthu, alovera ankaziziritsa. Pakati pa nyengo ya mvula analawa msuzi wa nsomba wa tsabola pang'ono, sanalire. Timatabwa tija ankatiluma kuseri, misozi ikutsika, mutu wa nsagwada ukulira ngati chitseko chakale. Kanawonjezekera kamodzi, patapita nthawi kenanso, basi n'kuima. Chala chachiwiri chinayamba kulowa nsonga yokha. Kuchipatala anabwererako kamodzi, dokotala n'kunena kuti zikuyenda bwino, iye n'kuganiza kuti amauza aliyense chimodzimodzi.

Mvula itayamba kudukiza, anayamba kuyeserera ndi sipuni. Yopanda kanthu inkalowa chammbali. Yodzaza, mano ankasesa zonse n'kugwera pachifuwa.

"Auzeni basi," anatero Daw Tin Mya, akumuona akutola mpunga pachilundu. "Matenda si umbava."

"Udzandiikire kasipuni ka shuga kaja pafupi. Ndidzatapa tsamba limodzi, lopanda nandolo, ndidzameza. Ndani adzayeza?"

"Nanga mwana wanu? Iyeyo simungamuuze?"

"Kuti azindiyang'ana ngati galu wothyoka mwendo?"

Nyali zinayatsidwa m'makomo, chikondwerero chinapita, ndipo masana ena a dzuwa lowala alendo atatu aja anavulanso patapata pakhomo. Nwe Yi anali atadzola ufa wachikasu wodzikongoletsera m'masaya, maluwa oyera kutsitsi. Po Thaung anavala malaya ake a pa zikondwerero, opanda thumba, choncho kachitini kaja anakaika pamphasa pafupi ndi bondo, pambali pa kasipuni ka shuga.

Malonje anali ouma. Daw Ohn Kyi anamasula nsalu, kuvundukula mbale. Kenako anatulutsa chinthu china chokulungidwa pachokha: sipuni yamkuwa, yakuya, yotakata ngati chikhatho cha mwana.

"Iyi inali ya agogo anga," anatero, akuyang'ana Po Thaung m'maso. "Maukwati onse a kwathu amadyera imeneyi. Ulendo uja ndinaiiwala, mwina n'chifukwa chake zinthu sizinayende."

Anatapa yekha, masamba, nandolo, adyo, tsabola, mpaka phiri, n'kuiika patsogolo pa mwini nyumba.

Po Thaung anaiyang'ana sipuniyo, n'kuyang'ana kumbali.

"Tiyambe tamwa tiyi," anatero. "Kwatentha."

Tiyi anathiridwa. Anamwa pang'onopang'ono, kapu n'kutha, n'kupempha wina. Sipuni ili pompo. Daw Ohn Kyi milomo inayamba kuuma. Zaw Latt ankangoyang'ana zala za kumapazi kwake.

U Ba Sein, amene sankatha kupirira chete, anawomba m'manja.

"Iii, takhala ngati pamaliro bwanji? Achimwene, pakuti lero tikusanduka amodzi, ine ndilawa wa m'kachitini uja. Msika wonse umamukamba. Wachibale samanidwa kun!"

Dzanja lake lonenepa linafika msanga kuposa mawu a Po Thaung. Chivundikiro chinatseguka, ndipo kamodzi kanalowa m'kamwa mwa U Ba Sein, mmene mukanalowa ndi dzira lomwe.

Anatafuna kawiri akumwetulira. Kachitatu kumwetulira kunazima. Maso anatuzuka. Analavulira m'dzanja, n'kuyang'ana: tsamba lobiriwira, ndi zinthu zoyera zonanda zikutsetsereka pakati pa zala.

"N'chiyani ichi? Mukundidyetsa chiyani, bambo inu?"

"Lavulani, achimwene, lavulani zonse!" Daw Ohn Kyi anali ataimirira kale. "Musameze! Zaw Latt, dzuka. Ndinkadabwa ine, munthu wokana kudya ndi anzake. Kodi ndi nyumba ya zotere?" Anatembenukira kwa Nwe Yi, n'kumuyang'ana kuyambira kumaluwa mpaka kumapazi. "Ndiye mwana wangayu, wosamva za mtsikana wina aliyense, wongolota kuno, munamudyetsa chiyani? Iwe, tayankha! Unamuikira chiyani mu tiyi?"

"Mayi, chonde," anatero Zaw Latt.

"Khala chete! Wodyetsedwa sadziwa kuti anadya."

Nwe Yi anagwetsa misozi. Ufa wa m'masaya unayamba kulembeka mizere. Mawu a Daw Ohn Kyi anali atadumpha mpanda, ndipo kwa aneba mtondo umene unkasinja unaleka. Pofika mawa, dzina la mwanayo likanakhala m'kamwa mwa akazi onse a pachitsime, ndipo dzina lotere silichapika.

Daw Tin Mya anangoyang'ana mwamuna wake.

"Khalani pansi," anatero Po Thaung.

Palibe anamumva, poti mawu a m'mano sapita patali. Anamenya mphasa ndi chikhatho mpaka makapu analira.

"Ndati khalani pansi! Ndi alovera. Mwanayu sakudziwa kanthu. Ndimakulunga ndekha, ndimadya ndekha."

"Alovera?" U Ba Sein ananunkhiza dzanja lake. "Wa m'tsitsi? Mu kun? Munthu wamkulu ngati inu?"

Po Thaung anatembenukira kuwindo kumene kunkachokera kuwala. Anakweza chibwano, n'kuyasamula. Anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inaima, mpaka m'makutu munalira. Milomo inasiyana pang'ono, ngati chikwama chosokedwa pakamwa. Anaika chala chimodzi pakati pa mano, n'kuyesa chachiwiri, n'kukanika onse akuona. Kenako anakoka mlomo wa m'munsi kuti aone kuyera kwa m'kati.

"Pathera pamenepa," anatero atachotsa zala. "Sipuni yanuyo silowa. Ulendo uja sikanalowanso. Sindinakhute. Sindinakhutepo chaka chino."

Nwe Yi anagwira pakamwa pake ndi manja onse awiri.

"Bambo, chiyambire liti? Kuseri kuja mumadyera... Mayi, inu mumadziwa?"

"Mbuzi ija ndi imeneyi, mwana wanga," anatero Daw Tin Mya motsitsa, ndipo palibe anaseka.

Daw Ohn Kyi anakhala pansi pang'onopang'ono, koma chapatali.

"Ndi opatsirana?"

"Ayi."

"Nanga a kumtundu? Ndifunse poyera, zidzukulu zidzakhala zanganso."

"Si a kumtundu." Mawu otsatirawo analemera kuposa onse. "Ndi kun. Mtedza wake. Anatero a dokotala."

U Ba Sein anasiya kupukuta dzanja. Lilime lake linayendayenda m'tsaya, uku ndi uku. Kenako nkhope inada.

"Tadikirani kaye. Ndiye kuti miyezi yonseyi mwakhala mukutipindira ife, dzulo lomweli ndagula kwa inu, kumatiuza kuti wa lero ndi wokoma, inu eni ake mukutafuna mafuta a tsitsi?"

Po Thaung anafunafuna mawu aukali, amene sankamusowa nthawi zonse. Akanatha kunena kuti palibe amene amakokedwa ndi chingwe kudzagula, kuti ogulitsa ali pamphambano iliyonse. Koma Nwe Yi anali kumuyang'ana.

"Eya," anatero.

"Hm!" U Ba Sein anapukusa mutu. "Koma dziko ili."

Ndipo Po Thaung anadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhaniyi ikhala itafika ku anyezi, ku nsomba, mpaka pamthunzi wa bwemba.

Daw Ohn Kyi anakonza nsalu yake paphewa. Anayang'ana Nwe Yi, n'kunena mouma, "Ndalankhula mothamanga, mwana wanga. Usazisunge." Kenako mawu ake anafewa, ngati olankhula kwa khanda kapena kwa munthu amene wagona pamphasa yomaliza. "Basi, musavutike, bambo. Odwala sakakamizidwa. Adye mayi akewa m'malo mwanu, tiziti zatheka."

Anayamba kukankhira sipuni kwa Daw Tin Mya. Po Thaung anaigwira pampini.

"Mwana ndi wanga. Sindinafe."

Anaikokera pafupi. Anatsina masamba pang'ono ndi zala ziwiri, kuwakulunga ngati kampira, n'kuwakankhira pakati pa mano ndi chala chamkombaphala. Theka linalowa, theka linatsalira pamlomo. Analikankhanso. Mafuta anatsika pachibwano n'kudonthera pa malaya a pa zikondwerero. Nandolo anali wouma ngati miyala. Anamuphwanyira pambale ndi kumbuyo kwa kasipuni ka shuga, n'kumatola ufa wake ndi nsonga ya chala. Tsabola atafika m'masaya, maso anadzaza, mphuno inayamba kuchucha. Sanapukute. Anatsinanso ena.

Zaw Latt anayang'ana pansi. Daw Ohn Kyi anayamba kuyang'anitsitsa kalendala ya pakhoma ngati sanaionepo chibadwire. U Ba Sein yekha ndiye ankaonerera, kukamwa kuli yasa.

"Zakwana, bambo," ananong'ona Nwe Yi. "Aona."

"Mayiwa anatapa yodzaza," anatero Po Thaung.

Mtsikanayo anasendera pafupi, anatenga kasipuni m'dzanja la bambo ake, n'kuyamba kuphwanya yekha nandolo wotsala, kumusonkhanitsira m'mphepete mwa mbale pamene chala chikanafika mosavuta. Po Thaung sanamuyang'ane. Akanakonda kutukwanidwa.

Zinatenga nthawi yoti tiyi anazizira m'makapu. Pomaliza anapukuta m'kati mwa sipuni yamkuwa ndi chala, n'kuibweza kwa mwini wake ili mbee.

Daw Ohn Kyi anailandira ndi manja awiri, anaipukuta, n'kutapa yake. Anatafuna, nandolo akulira m'mano mwake, n'kumeza.

"Chabwino," anatero, akutembenukira kwa Daw Tin Mya. "Ukwati uchitike mwezi wa mawa usanathe. Kwathu tilipo ambiri, a ku Myaing okha adzadzaza lole. Mpunga tidzabweretsa ife, inu muone za nkhuku."

"Nkhuku zokha? Nanga nsomba zouma?"

Akazi awiriwo anayamba kukangana za mapoto ndi za amene adzaphike. Po Thaung anakhala chowerama, manja amafuta ali pamaondo, akulimbana ndi tsamba lomaliza limene linakakamira kuseri kwa mano, pamene lilime lake silinkafika.